A Tcheni ndi Galimoto ya Mkamwini

Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Onse ankangoti a Tcheni, chifukwa moyo wawo wonse unathera pa ntchito imodzi, yokoka magalimoto ofera pamsewu. Lole yawo inali ndi mkono wachitsulo kumbuyo. Ankakoleka matcheni kumphuno kwa galimoto, kutukula mawilo akutsogolo, n'kuikoka mpaka kugalaja, akumbuyo akugudubuzika pansi. Ntchito imeneyo ndiyo inalera ana n'kumanga nyumba. Sanaphwanyepo ndi nyali yomwe ya munthu.

Koma ukalamba sumva zimenezo. Mafoni anayamba kuchepa. Anthu ankaitana malole atsopano aja onyamula galimoto yonse pamsana. Kunyumba nako nyimbo inali imodzi: imikani loleyi, mupume.

"Ndipume ndafa?" ankatero a Tcheni.

Mwana wawo wamkazi anakwatiwa ndi munthu wa muofesi, waulemu koma wokonda liwiro. Mkamwiniyo anali ndi galimoto yofiira, yaifupi ngati yagwada, imene ankaipukuta kuposa nsapato zake. Tsiku lina m'mawa paipi ya madzi ya muinjini inaphulika panjira. Anaikhoma galimotoyo n'kukwera basi ya kuntchito. Mkazi wake anangoitchula nkhaniyi pocheza ndi bambo ake pafoni.

"Ine apongozi ake ndilipo, akaitane alendo?" anatero a Tcheni. "Ndikubwera kudzatenga kiyi winayo."

"Bambo, dikirani aweruke kaye."

"Ndinayamba kukoka iyeyo asanamere mano."

A Tcheni anaikoleka galimoto ija monga mwa masiku onse. Atayenda pang'ono, kumbuyo kunamveka phokoso ngati chigayo chikugaya miyala. Lole inkalemera. Anaima n'kuyang'ana: buleki yamanja inali yomasula, giya yosalowa. Anangoti ndi matenda a galimoto zamakono, napitirira. Pofika pagalaja, fungo la oyilo wopserera linali litawatsogolera.

Makaniko wa pamenepo anali mnzawo wokalamba naye.

"Nkhalamba iwe, lero wakoka mkwatibwi?" anafuula akupukuta m'manja. Kenako ananunkhiza, kuseka n'kutha. Analowa pansi pa galimoto ija, nakhalitsamo.

"Achimwene, mwaikoka chonchi kuchokera kuti?"

"Kumlatho. Ndi paipi chabe."

"Inali paipi chabe. Galimoto iyi imakoka ndi mawilo onse anayi, n'chifukwa chake siterereka pakona ngakhale ithamange bwanji. Akutsogolo ndi akumbuyo ndi olumikizana pakatipa. Inu mwamanga akutsogolo, akumbuyo akuzungulira okha. Zapakati zakhala zikulimbana njira yonse mpaka kupsa."

"Mawilo onse si za magalimoto am'matope zija? Zazitali?"

"Kale zimenezo. Pano n'zazifupi zomwe."

"Ndiye imasule, uikonze mkamwini asanabwere."

Makaniko anapukusa mutu. "Bokosi lapakatili silikonzedwa, amangosintha. Ndipo kuno kulibe. Ine ndemwe kuliona n'koyamba."

A Tcheni anagwada n'kusuzumira. Oyilo wakuda ankadontha pasimenti. Anatambasula dzanja kuti agwire chitsulocho, chinawatentha. Panalibe choti amange, panalibe choti awongole. Anatenga chigubu chodula, nachitchera pamene pankadonthapo. Ntchito imene anatha kugwira inali yomweyo.

Mkamwini anafika masana, tayi ali pakhosi. Anamvetsera makaniko mpaka kumaliza. Anayang'ana galimoto, nayang'ana pansi.

"Palibe kanthu, bambo. Mumafuna kuthandiza."

Bola akanawatukwana. Munthu akakutukwana umapeza poyankhira.

"Ndigulitsa lole," anatero a Tcheni.

"Ayi, bambo, musavutike. Mwadya koma?"

Mkamwini anapita pambali kukaimba foni. Posakhalitsa inafika lole yonyamula pamsana. Woyendetsa wake anapereka moni mwaulemu, napempha a Tcheni kuti asunthe lole yawo, ikutchinga njira. Anaisuntha. Anaima pamthunzi wa khoma, manja kumbuyo, kuonerera galimoto yofiira ikukwera pang'onopang'ono, mawilo onse anayi m'mwamba.

Onse atapita, makaniko anawakokera mpando. Sanakhale. Foni inalira m'thumba. Anali mayi wina, galimoto yamuthimira pafupi ndi msika, wina wamupatsa nambala yawo.

"Imakoka ndi mawilo angati?" anafunsa a Tcheni.

"Mawilo? Ili nawo anayi, bambo, ngati zinzake."

"Ndikuti okoka. Awiri kapena onse?"

"Ine ndidziwa bwanji? Inu ndinu odziwa. Mungobwera mudzaione."

A Tcheni anayang'ana makaniko. Makaniko anayang'ana kumbali. Ngakhale a Tcheni akanapita kukaiona, sakanaizindikira.

"Imbirani ena, mayi," anatero. "Ine sindingathe."