Phula pa Gitala ya a Yoswa

A Yoswa Namalomba sankaimba gitala asanaigogode. Ankaikhazika pamiyendo, n'kugogoda pamimba pake kawiri, n'kugunditsa khutu pathabwa ngati munthu wosankha chivwende pamsika. Tinakhala moyandikana kwa Malemia zaka makumi atatu. Sindinawaonepo ataiwala.

Gitalayo anabwera nayo kuchokera ku Joni akadali mnyamata. Nsambo zake zenizeni zinatha kalekale. Ina ikaduka, ankamangapo chimene chapezeka. Pofika 1995 inali ndi nsambo ziwiri za waya wa mabuleki a njinga, ndi zinayi za nayiloni wowedzera nsomba, wopempha kwa ogulitsa matemba ochokera ku Kachulu. Ankalima mpunga, koma Lachitatu ndi Lamulungu anali a kwaya.

Chaka chimenecho mpingo wathu unalandira kiyibodi ndi ampulifaya zoyendera batire ya galimoto. Lamulungu loyamba ndinkawayang'ana a Yoswa: zala zikuyenda, mawu zii. Titaweruka, mayi Beatrice, mphunzitsi amene ankatsogolera kwaya, anawaitanira pambali.

"Bambo Namalomba, kumsonkhano wa makwaya mwezi wamawa mwina mungopumako. Gitalayo sikumveka."

"Nanga ikamveka, mayi?"

"Ikamveka, angakuletseni ndani?"

Anakwera minibasi kupita ku Zomba. Anabwerako ndi pikapu, kachipangizo kotola mawu a gitala n'kuwatumiza ku ampulifaya. Kanali kachitsulo kopingasa pabowo la gitala. Lachitatu anakayesa, kwaya yonse ilipo. Nsambo ziwiri zija zinabangula mpaka malata kunjenjemera. Zinayi zinangoti duu.

"Gitala ya agogo yaguluka mano!" anatero mayi wina kumbuyo. Anthu anafa nacho chikhakhali. A Yoswa anangozula waya wa ku ampulifaya.

Mmawa mwake ndinawaperekeza panjinga kwa a Idi, okonza mawailesi pa Songani. A Idi anatembenuza kachitsuloko, n'kutsina nsambo imodzi.

"Achimwene, umu muli maginito. Maginito amadziwana ndi chitsulo basi. Nayiloni uyu mukamupatse mlamba."

"Ndiye nditani, che Idi?"

"Ikani waya nsambo zonse."

"Khosi lithyoka. Ndi nkhalamba inzanga imeneyi."

"Ndiye ndiboole apa, ndibisemo pikapu ina mkati."

A Yoswa anaikumbatira gitalayo. "Muyambe mwaboola ine."

A Idi anaseka, n'kukhuthula chitini cha zidutswa patebulo. Anatolapo kachitsulo kopyapyala, kozungulira ngati chivindikiro cha botolo, kochokera mutelefoni yakufa. Anakalumikiza mawaya awiri.

"Aka sikamvera nsambo ayi. Kamamva thabwa likamanjenjemera. Koma n'kamwano: mukakaika polakwika, gitala imalira ngati chidebe. Malo ake enieni ine sindiwadziwa. Ndine wa mawailesi."

A Yoswa anaikhazika gitalayo pamiyendo. Anagogoda, khutu pathabwa. Anasuntha chala, n'kugogodanso. Anayenda nayo mimba yonse ija pang'onopang'ono, a Idi akuwayang'ana ngati akuona wamisala. Kenako anaima mmunsi pang'ono mwa pamene pamamangidwa nsambo.

"Apa."

A Idi anadinikiza kachitsuloko ndi chala, nalumikiza kusipika yawo. A Yoswa anakhwatcha. Zinatuluka zonse zisanu ndi imodzi, waya ndi nayiloni yemwe, mawu omwe aja ndinkawamvera kuseri kwa mpanda, koma atakula. Mayi wogulitsa nthochi panja anayamba kutsatira nyimboyo.

Guluu a Yoswa anamukana, amvekere aononga thabwa. Ine ndimasunga njuchi. Madzulo ndinawatengera kaphula kofewa, ndipo anamatira kachitsuloko pamalo aja.

Kumsonkhano kuja anapita. Chimene sitinachiganizire n'chakuti kachitsuloko kamamva chilichonse chokhudza thabwa. Kwaya yathu itaima kutsogolo, iwo anagogoda monga mwa masiku onse, masipika n'kuti gu, gu, tchalitchi chonse. Anthu anadzidzimuka. Mayi Beatrice anali atakweza kale dzanja, ndiye anangolitsitsa, kwaya n'kuyamba. Pandime yachiwiri ndinawaona mayiwo akukodola wa kiyibodi kuti atsitseko mawu.

Kuyambira pamenepo kwaya sinkayamba isanamve kugogodako. Phula likauma, a Yoswa ankabwera kwathu ndi kapepala kokulungira.

Mu 1999 mwana wawo anadzawatenga kuti akakhale naye ku Blantyre, chifukwa maso anayamba kuwavuta. Lamulungu lotsanzikana anachita kuwagwira dzanja mpaka pampando wawo. A Yoswa anapapasa phula lija ndi chala chachikulu, napeza kuti lilipo. Anagogoda kawiri, naweramitsa mutu woyera uja pathabwa. Masipika anayankha. Tonse tinali titaimirira kale.