Mphepo Ziwiri pa Chulu cha pa Kamwendo

Ndikukumbukira chulu cha kuseri kwa nyumba yathu pa Kamwendo, malo okhawo pomwe netiweki inkagwira bwino. Pamenepo ndi pomwe ndinkasewerera gofu ya pa foni ndi bambo anga, dalaivala wa thiraki, iwo ali pa mzere wa m'boda kapena kutali mkati mwa Zambia. Bwalo lenileni la gofu tonse awiri tinali tisanalipondepo.

Tchuthi china tinapangana. Ndikawagonjetsa, ndikwera nawo thiraki mpaka ku Chipata. Ndikalephera, ndipita ku Ludzi kukaswa mtedza kwa azakhali. Amayi sankabisa mbali yawo. Ankati mwana wamkazi sagona m'misewu ngati katundu.

Vuto linali lakuti gemuyo sinkatheka ndi maso okha. Pakona pankaoneka muvi wosonyeza mphepo ndi mphamvu yake. Manambalawo unkawalemba mu pulogalamu ina, pamodzi ndi mtundu wa ndodo yomenyera mpira, ndipo inkakuuza mizere yoti usunthe cholozera usanamenye. Nthawi yomenyera inali yochepa, choncho pankafunika foni yachiwiri ndi munthu wachiwiri. Foni ina pakhomo inali ya amayi, ndipo sankalola aliyense kuigwira, choncho ondiwerengera anali iwowo.

Masana a tsiku la mpikisanowo tinafanana mphamvu, nkutsala kumenya kamodzi aliyense: woyandikitsa mpira ku dzenje ndiye wapambana. Wa bambo unagwa pafupi ndi mbendera, nkuima. Tsopano inali nthawi yanga. Mphepo ya mu Ogasiti inkandiwomba tsaya la kumanzere, ikuulutsa fumbi ndi makoko a chimanga. Ndinatchula manambala mwachangu. Amayi, atakhala m'munsi mwa chulu, anawalemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono ngati akusankha nyemba.

"Sunthira kumanja, Tadala. Mizere itatu ndi theka."

Kumanja kunali dziwe. Khungu langa linkati mphepo ikuchokera kumanzere, ngakhale muvi wa pa foni unkanena zina. Ndipo mayi amene ankandiuza kuloza m'madziwo anali yemweyo wofuna kuti ndilephere. Ndinawayang'ana. Maso awo anali pa foni.

"Amayi, mwalemba bwino?"

"Ngati ukundiyesa mfiti, menya zako. Mtedza ukukudikira."

Kamzere ka nthawi kanafiira. Ndinasunthira kumanja mpaka cholozera chinakhala pamwamba pa madzi, nkumenya. Mpira unauluka molunjika dziwe. Pomwepo netiweki inagwedera, chithunzi chinaima, mpira uli m'malere. Ndinakweza foni kumwamba. Chithunzi chitabwerera, mpira unali utakhota kale, ukugubuduka pa udzu. Unadutsa wa bambo nkuima pakamwa pa dzenje.

Bambo anaimba foni nthawi yomweyo. "Wakuwerengera ndani? Si mayi ako amenewo?"

Amayi anaimirira, anasasa chitenje, nkulowa m'nyumba. Nditawatsatira ndinawapeza akupinda juzi langa, misozi ili m'maso, akundilangiza kuti ndisamatsike m'thiraki ndekha.

Lero pa Kamwendo netiweki imagwira mpaka kuchipinda, chulu chija anaumbira njerwa, ndipo ana amawerengetsa zonse pa foni imodzi, popanda kupempha munthu. Ine ntchito yanga ya utolankhani ndi yokayikira manambala, makamaka ochokera kwa amene ali ndi mbali. Koma nambala yoona koposa yomwe ndinapatsidwapo inachokera kwa munthu amene kunama kukanamusungira mwana wake pakhomo.