Apongozi M'chipinda Changa cha ku Lusaka

Chaka chimene ndinapeza malo okachita digiri yachiwiri ku Lusaka, ndinali ndidakali mkamwini m'mudzi wa mkazi wanga, kuseri kwa phiri cha ku Mkaika. Ndinkaphunzitsa pasukulu ya pulayimale yapafupi, ndipo masiku opuma ndinkalima thonje ndi mtedza m'munda wa apongozi anga aakazi, omwe amuna awo anamwalira kalekale. Maphunzirowo anali a zaka ziwiri, ndipo sindinkafuna kukakhala ndekha m'tauni. Ndinkafuna kupita ndi mkazi wanga ndi mwana wathu. Koma kwathu mkazi sumangomunyamula ngati thumba la chimanga, umapempha chitengwa kwa eni ake. Malume ake anavomera msanga, mwina chifukwa ndinawapeza atakhuta, koma anati mawu omaliza ndi a mayi ake. Mayi akewo anayankha kuti sangapereke mwana wawo asanakaone ndi maso awo kumene azikagona.

Vuto linali loti ine ndi apongozi sitinkalankhulana. Sikuti tinayambana ayi, unali ulemu chabe. Tikakumana panjira, ine ndinkapatukira m'tchire, iwo n'kupatukira mbali inayo, ndipo moni tinkapatsana titagwada, aliyense akuyang'ana chitsamba chake. Kudya iwo akuona kunali kosatheka. Nkhani zonse zinkadzera mwa mkazi wanga. Anzanga a pa Katete ankandiseka kuti zimenezo zinatha kale, koma apongozi anga anali asanamve kuti zinatha, ndipo ine sindinali munthu woti ndikawauze.

Mkazi wanga sakanatha kutiperekeza chifukwa mtedza unali padzuwa ndipo mbuzi zinalibe woziyang'anira. Choncho tinanyamuka awiri, ine ndi apongozi. Pa siteshoni ya Katete kondakitala anatipatsa mipando yoyandikana, akuyesa kuti akutichitira zabwino. Ndinasinthana ndi bambo wina n'kukakhala kumbuyo kwenikweni, pamene anaunjikapo matumba a anyezi. Basi itaima pa Luangwa, anthu onse anatsika kukagula nsomba. Yanga ndinadyera kuseri kwa basi, nditafulatira, minga ndikumeza nayo limodzi.

Kachipinda ndinali nditapeza kale pafoni, m'komboni ina pafupi ndi yunivesite. Mayi mwini nyumba anali atanditsimikizira kuti ndi chipinda chachikulu, chokwana banja. Titafika ndinaona kuti mwina ankanena banja la nkhunda. Munali bedi, zenera limodzi ndi msomali wopachikapo malaya. Tchire loti munthu n'kupatukiramo munalibe. Ndinalowetsa katundu n'kutuluka, apongozi n'kulowa, ine n'kukaima pakhonde. Posakhalitsa foni yanga inalira. Anali mkazi wanga.

"Abambo ake mwana, amama akuti chimbudzi chili kuti?"

"Auzeni kuti chili kuseri, pafupi ndi mpopi."

"Dikirani ndiwaimbire."

Ndinamva kafoni ka apongozi kakulira mkatimo, kuseri kwa chitseko chimene ndinatsamira. Funso la chimbudzi linayenda kuchoka ku Lusaka kukafika ku Mkaika n'kubwereranso, pamene ofunsa ndi oyankha tinkamvana ngakhale kutsokomola.

Umu ndi mmene tinakhalira mlungu wonse. Kumudziko netiweki imapezeka pamwamba pa chulu chimodzi chokha, m'mphepete mwa munda wa thonje, moti mkazi wanga ankangokhalira pachulupo, mwana kumsana, foni m'mwamba. Anansi anayamba kufunsana ngati walowa mpingo watsopano. Ine ndinkagona m'kasitolo ka mwini nyumba, pakati pa matumba a makala amene ankagulitsa. Apongozi ankaphika n'kundisiyira chakudya pakhomo, koma pabwalopo panalibe malo amene zenera lawo silinkaonako, ndiye nthawi zambiri ndinkadyera kuseri kwa chimbudzi nditaimirira. Iwo ntchito yoyendera anaigwira mosanyengerera. Tsiku lililonse mkazi wanga ankandipatsira zimene apeza: madzi ndi ogula, masamba ndi ogula, ana a pabwalo sapereka moni, ndipo bambo wa chipinda choyandikana nafe amachapa yekha makabudula amkati anthu akuona. Pa chilichonse ndinkayankha kuti ndamva, ngati kuti Lusaka ndinamanga ndine.

Tsiku loyamba la maphunziro ndinavala malaya oyera, ngakhale anali atadetsedwa kale ndi makala m'khosimu. Mwini nyumba anali atandikhomerera m'mutu kuti m'tauni munthu suchoka osakhoma loko, akuba ndi ambiri. Podutsa pachitseko changa dzanja linangochita lokha. Ndinakhoma, kiyi m'thumba, ulendo wa kusukulu.

M'kalasi aphunzitsi athu, bambo a imvi olankhula pang'onopang'ono, anati aliyense aimirire anene zimene akufuna kudzafufuza. Anzanga ankatchula mitu italiitali ya Chingerezi yoti munthu n'kupumira pakati. Foni yanga inayamba kunjenjemera m'thumba. Ndinaisiya. Inanjenjemeranso, n'kunjenjemeranso, mpaka ndinawerama pansi pa desiki n'kuyankha monong'ona.

"Amama akuti mwawatsekera," anatero mkazi wanga. "Akuti anamwa tiyi makapu awiri."

Nthawi yomweyo aphunzitsi anandiloza kuti ndinene mutu wanga. Ndinaimirira, n'kunena kuti pepani, ndatsekera apongozi m'nyumba, n'kutuluka. Ndinamva pambuyo pake kuti ena analemba zimenezo m'makope awo.

Nditafika ndinapeza anthu atadzaza pabwalo, mwini nyumba ali patsogolo, manja m'chiuno.

"Imwe ba ticha," anatero, "mwakhomela bamai mukati monga ni nkhuku?"

Koma panali vuto linanso. Chitseko chikatseguka, ine ndi apongozi tikanaonana maso ndi maso. Choncho ndinatsegula loko, n'kukankha chitseko pang'ono, n'kuliyatsa liwiro kulowera kumsewu. Agalu awiri ananditsatira, ndipo munthu wina wodutsa anakuwa kuti wakuba. Ndinakaima pa sitolo ina yakutali, ndikupuma wefuwefu, mtima utandiuza kuti chitengwa chathera pomwepo. Ndinadzikwiyira kwambiri. Zaka zonse zija zogwada m'minga ndinazitaya ndi loko mmodzi wotchipa.

Madzulo ake mkazi wanga anangoti amama akuti abwerera mawa. Za chigamulo sananene, ndipo ine ndinaopa kufunsa.

M'mawa mwake ndinafika pakhomo kudzatenga chikwama chawo. Kafoni kawo kanali chete, yanganso chete. Kumudzi mkazi wanga anali atapita kuchigayo, pachulu panalibe munthu. Tinadikira, iwo mkati ine kunja, nthawi ya basi ikuyandikira. Kenaka ndinamva akukonza kukhosi. Analankhula ndi khoma, koma khomalo linali lopyapyala.

"Chipinda n'chaching'ono," anatero. "Madzi ogula. Anthu ake opanda mwambo."

Ndinagwada pakhonde n'kuyankha chitseko kuti ndamva.

"Koma munthu wamkulu, mphunzitsi, sangamadyere kuseri kwa chimbudzi, n'kumatsekera anthu m'nyumba. Inu nokha kuno simungathe. Mtedza ukalowa m'matumba mubwere mudzamutenge mkazi wanuyo."

Ndinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Mwini nyumba, amene ankamvetsera akunamizira kusesa, analulutira.

Kusiteshoni ndinawapezera mpando wa pazenera kudzera mwa kondakitala, ine n'kukaima patali pamene ankagulitsa malalanje. Mumtima ndinali nditayamba kale kupima kuti mphasa ya mwana tidzaiyala pati. Basi itayamba kubwerera m'mbuyo inakhota, zenera lawo n'kudzafika pamene ndinaima, ndipo ndinachedwa kuweramitsa mutu. Aka kanali koyamba kuwaona nkhope bwinobwino. Ndinkadziwa zidendene zawo, zitenje zawo zonse ndi mawu awo, koma sindinkadziwa kuti mphuno ndi mpata wa m'mano wa mkazi wanga anazitengera kwa iwo. Ankapukuta maso ndi nsonga ya duku. Mwana wamkazi anali naye mmodzi yekhayo, ndipo mdzukulu amene ankagona naye pamphasa imodzi ndi yemwe ine ndinkamupimira malo. Chimwemwe chija chinandithera, ndinamva chisoni. Iwo atandiona sanatembenuke kumbali. Anakweza dzanja pang'ono, inenso n'kukweza langa, mpaka basi inatuluka pachipata.