Chikho Chimene Ndinapatsa Shefe

Anabwera masana, dzuwa lili paliombo, mwezi wa Okutobala, m'zaka zija Apwitikizi asanachoke. Anali asipayi awiri, apolisi akuda a boma la atsamunda. Anandipeza pakhonde ndikuyamwitsa mwana wanga woyamba, wamwamuna, amene anali atangoyamba kukwawa. Anati shefe, mzungu wolamulira dera lathu, akundifuna ku boma ku Milange, koma mwana ndisiye. Ndinamupereka kwa mlamu wanga, mkazi wa achimwene, amene nayenso anali ndi khanda, n'kumuuza kuti ndibwera madzulo.

Mlandu wanga unali wa madzi. Chaka chimenecho zitsime zonse zinaphwa, kupatula kasupe wa m'munsi mwa phiri. Mzungu wa munda wa tiyi anatchinga kasupeyo ndi waya kuti azithirira mbande zake. Ngati kuti zimenezo zinachepa, ife akazi ankatigwiritsa chibalo chotunga madzi omwewo kupita nawo kwa shefe, kumene ankathirira maluwa, ana athu akumwa matope a m'dambo.

Tinapangana pamtondo kuti pasapezeke wotukwana, wotola mwala kapena wodula waya. Tinangopita kukakhala pansi m'mbali mwa wayayo, mitsuko titaivundikira, osatunga, osalankhula. Maluwa atayamba kufota, shefe anabwera yekha ndi asipayi ake, thukuta lili kamukamu. Kwathu kuno mlendo akafika atatopa, mkazi amagwada n'kumupatsa madzi asanamufunse za ulendo. Ndinachita monga anandilerera amayi. Ndinagwada, n'kumupatsa chikho ndi manja awiri. Anachilandira, anasuzumiramo, munalibe ngakhale dontho. Msipayi mmodzi analephera kudzigwira, anaseka. Kusekako ndinalipira ndine.

Ku boma anandifunsa kudzera mwa womasulira. Ankafuna dzina la munthu wa kutsidya kwa mtsinje wa Ruo amene anatituma, chifukwa m'mutu mwa shefe simunkalowa zoti mkazi wosadziwa kulemba angaganize yekha. Ndinayankha kuti anatituma ndi ludzu. Anaitanitsa mbalamatodya, thabwa lija la mabowo lomenyera m'manja. Atamaliza sindinathe kumanga nsalu yanga. Anandimangira mayi wina amene ndinamupeza m'kalaboso, chipinda chotsekera akaidi.

Manja anapola. Chimene chinandisautsa ndi mabere. Anatupa, analimba ngati maungu, mkaka unkayenderera mpaka kunyowetsa nsalu, ndipo ndinkadziwa kuti nthawi yomweyo kumudzi mwana akulira. Asipayi anaona, n'kukauza shefe. Anandiitananso. Womasulira ananena mawu ake akuyang'ana pansi.

"Akuti tchulani dzina limodzi lokha, mayi, lero lomwe mukayamwitsa."

Dzina la munthu wa kutsidya uja ndinalibe. Mayina amene ndinali nawo anali a akazi anzanga a pamtondo, ndipo ambiri anali ndi ana kumsana ngati ine. Ndikanatchula mmodzi, akanabwera kudzakhala pamalo panga, mwana wake n'kumalira m'malo mwa wanga. Sindinatchule aliyense. Musaganize kuti ndinali wolimba mtima. Ndinali wokwiya, ndipo mkwiyowo ndi umene unanditseka pakamwa.

Anachepetsa madzi akumwa. Msipayi wina wachikulire, popereka kachitini, ankati, "Inu si mumakonda zikho zopanda kanthu?" Mkaka unayamba kuchepa, kenako tsiku lina ndinafinya, osatuluka kanthu. Tsiku limenelo ndinalira, koma moyang'ana kukhoma kuti asandione.

Mvula inagwa ndili momwemo. Ndinaimva padenga la malata. Zitsime zitadzaza, nkhani ya kasupe inatha yokha, ndipo ine ndinasanduka munthu wongowathera ufa. Ananditulutsa chimanga chitamasula ngayaye, popanda mlandu, popanda pepani. Shefe sanandiyang'ane n'komwe.

Lero adzukulu amaphunzira kusukulu kuti tinamasuka. Inde, mbendera inasintha. Tinathawanso nkhondo, tinakhala m'misasa ku Malawi, tinabwerera. Waya uja kulibe, koma kasupe nayenso amauma mvula ikangochedwa, mjigo wa pamudzi unathyoka kalekale, ndipo atsikana amapalasa njinga ndi zigubu mtunda umene ife sitinayendepo. Akuluakulu akabwera pamsonkhano amanyamula madzi awo a m'mabotolo. Ufulu ndimaufuna, ndinauvutikira, koma wina asandiuze kuti ndiziombera m'manja pakhosi pali gwa.

Za tsiku lotuluka ndimazipewa, koma ndinene. Ndinayenda wapansi mpaka kumudzi. Mwana anali moyo. Mlamu wanga anamuyamwitsa pamodzi ndi wake, bere ili uyu, bere ili uyu, ndipo ndidzamuthokoza mpaka kumanda. Ndinamupeza akuyenda, ine sindinaone phazi lake loyamba. Ndinagwada, n'kutambasula manja. Anandiyang'ana, anakuwa, n'kuthawira m'nsalu ya mlamu wanga.

Anthu anati azolowera. Anazolowera kudya kwanga ndi kugona kwanga, basi. Panopa ndi bambo wa imvi, amalima ku Mongue, amandilemekeza, amanditumizira nyemba chaka chilichonse. Mlamu wanga atamwalira analira maliro a mayi ake. Ine mpaka lero amandiitana kuti azakhali.