Chingwe cha Mapepala a Nyali

"Bambo akowo ndi tonde wobwereka. Tikafuna tiwabweza kwawo mawa lomwe!"

Anandikalipira choncho ndi msuweni wanga, mwana wa atsibweni, tili pakhomo pa chigafa cha fodya. Pamwamba pa mitu yathu panali chingwe cha khonje chimene ndimachiona mpaka lero ndikatsinzina. Pachingwepo anatungapo timapepala khumi ndi titatu, kalikonse kojambulidwa nyali, tikupepeluka ndi mphepo ya mu Juni. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mtima wapachala ndinali nawo kale.

Chinali chaka chija dziko lidafunsidwa ngati likufuna chipani chimodzi kapena zambiri. Kwathu kumapiri, kuseri kwa Kasakula, fodya anali atapita kumsika, zigafa zili pululu, chisanu chikung'amba milomo ndi zidendene. Aphunzitsi athu anatijambulira pabolodi mmene akuluakulu akavotere. Munthu akalandira mapepala awiri, la tambala la chipani chimodzi ndi la nyali la zipani zambiri, akalowa yekha kuseri kwa nsalu. Lomwe walifuna aika mu envulopu, linalo ataya m'bokosi lotayira. "Kuseri kwa nsaluko ndiye ufulu wa munthu," ankatero aphunzitsi motsitsa mawu, maso ali pazenera.

Atsibweni, mlongo wa amayi, ndiwo anali mwini mbumba. Ndisanamize munthu, sanali ankhanza. Anali munthu wanthabwala, wogawa nzimbe kwa ana, woti ukadwala amakukweza panjinga mpaka kuchipatala osadandaula chitunda. Koma minda yonse, ya amayi ndi ya alongo awo ena, inkadutsa m'manja mwawo. Nawonso anali ndi owaopa. Anthu ena a mabaji pachifuwa adawauza kuti mudzi umene ukapanduke usadzaonenso chilolezo cholima fodya. Ndiye iwo anapeza nzeru yawo. Anaitana mbumba yonse pansi pa mtengo wa mbawa nati: "Pepala la nyalilo musakataye. Mukalipinde m'thumba, mudzandipatse ine. Ndifuna ndiyatsire ndudu." Anthu anaseka. Koma aliyense anamva.

Tsiku la voti, dzuwa litapendeka, anakhala pampando pakhomo pa chigafa ndi singano yosokera fodya. Aliyense wobwera ankapereka pepala lake, iwo n'kulitunga pachingwe monga amachitira ndi masamba. Amayi anagwada napereka lawo. Atate anafika pomalizira, manja ali kumbuyo.

Atate anali mkamwini, mmisiri wa matabwa wochokera cha ku Mtengowanthenga. Zitseko zonse za m'mudzi mwathu anapala ndi iwo, koma pamsonkhano wa mbumba ankakhala kumapeto ngati mlendo wodikira mvula kukata. Ananena kuti anasokonezeka, pepala analitaya m'bokosi muja. Atsibweni anaseka. "Alamu, inu amene simuphonya msomali, lero mwaphonya thumba?" Akuluakulu ovota anali khumi ndi anayi. Mapepala anali khumi ndi atatu.

Patapita masiku awiri wailesi inalengeza kuti nyali yapambana. Anthu a m'tauni amati linali tsiku la ufulu. Asamandiuze ine zimenezo. Kwathu ndi pamene mpanda unatsekeka. Palibe amene anatitukwana poyera. Anangosiya kubwera kudzapala moto kwathu. Amayi akafika pachitsime nkhani inkaduka, n'kumangomveka ndowa. Kutchalitchi benchi lathu linkakhala ndi malo, pamene ena akupanikizana kumbuyo. Mpando umene wina anaitanitsa kwa atate unakhala pakhonde mpaka chiswe chinayamba miyendo. Atate ankangopala matabwa opanda mwini, fungo la mkungudza lili ponseponse, zopalidwa zikuunjikana m'mapazi mwawo. Kumene tingapite kunalibe. Kumtunda nyumba ya atsibweni, kumunsi madimba awo, njira yopita kusukulu yodutsa pachigafa pomwe chingwe chija chinkapachikikabe.

Atsibweni akadafuna akadaisiya nkhaniyo. Umboni analibe. Munthu akhoza kusokonezekadi. Milungu itatu inadutsa, ndipo anali atayambanso kuyankha moni wa atate. Amene anawapatsa umboni ndi ine.

Msuweni wanga atanena za tonde zija, ndinamumenya chibakera pamphuno. Tinagubuduzana m'fumbi la fodya, lija loyetsemulitsa, mpaka atsibweni anatuluka natilekanitsa, wina kudzanja ili wina ili. Akadali chindigwirire, ine magazi ali m'kamwa, ndinakuwa kuti mudzi wonse umve: "Inde anavotera nyali! Ndi ufulu wawo. Muwatani?"

Sindinkadziwa kanthu. Atate sanandiuzepo chilichonse. Ndinangotola mawu a aphunzitsi n'kuwaponya ngati mwala, poti ndiwo unali pafupi. Atsibweni anandisiya dzanja pang'onopang'ono. Sanakwiye. Nkhope yawo inali ya munthu amene wapatsidwa katundu yemwe sankamufuna. Azimayi ena awiri anali chiimire ndi mitolo ya nkhuni pamutu, atamva zonse. "Mwana sanama," anatero mmodzi.

Ankhoswe anakumana Loweruka. Za voti sanazitchule n'komwe. Anati mkamwini sakulima mokwanira, amangokhalira matabwa, ndiponso akuphunzitsa ana mwano. Anati akapume kaye kwawo. "Kaye" ameneyo sanathe mpaka atate anamwalira. Pa mlandu wonsewo amayi anakhala maso pansi, akukumba dothi ndi kachitsotso.

Choonadi ndinachimva ndili ndi ana anga kale, tikuchokera kumaliro a atate, amayi ndi ine titakhala pamsewu pa Madisi kudikira galimoto. Anangoyamba okha, osandiyang'ana. Amene anavotera nyali anali amayiwo, osati atate. Anati atalowa kuseri kwa nsalu kuja anazindikira kuti chibadwire sanakhalepo paokha popanda wowauza chochita, ndiye dzanja linangopita. Atatuluka anapeza kuti m'nsonga ya chitenje mwatsala pepala la tambala. Atate anali atavotera tambala monga anauzidwira, pepala la nyali lili m'thumba. Panjira, pamakwawa, anawapatsa amayi pepalalo. "Ine ndili ndi sowo ndi pulena, kulikonse ndidya. Inu muli ndi munda wokhawu, ndi anawa."

Ndiye ndimati ndikamva anthu pawailesi akunena kuti Mmalawi aliyense ali ndi ufulu wosankha, ndimafuna kuiponya kunja. Ufulu wanji munthu munda uli m'manja mwa wina? Masiku ano satunganso pachingwe. Amakuuza kuti ukajambule voti yako pafoni, kapena amalemba maina pogawa makuponi. Ndaona amuna a ndevu akunjenjemera pamzere chimodzimodzi. Ndakanganapo nawo, ena sitiyankhulana. Mkazi wanga amati pakamwa panga padzatisamutsa, ndipo sindimutsutsa, poti panasamutsapo kale munthu.

Ankhoswe atagamula muja, atate anachoka Lamulungu masana, anthu ali kutchalitchi. Ndinawasenzera bokosi la zipangizo mpaka pamsewu wa ku Kasakula. Ndinkayenda monyada, ndikuwauza kuti m'mudzi monse mwamuna ndi iwo okha. Pokwera lole anangoti, "Uzikawathandiza amako kumunda. Ndipo uchepetse pakamwa."

M'mawa mwake amayi anandiphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, limene ankaphika wina akadwala. Maso awo anali otupa. Anandiikira mbale pamphasa nati ndidye ndisachedwe kusukulu. Ine ndinaikankha ndi phazi, phala n'kutayikira pansi. Ndinawauza kuti sindidya chakudya cha munthu wamantha, amene mwamuna wake akuthamangitsidwa iye n'kumangokumba dothi. Ndinati akadye ndi alongo awowo, poti anavota pamodzi.

Amayi sanandimenye. Anatenga tsache nayamba kusesa. Ine ndinanyamula makope anga n'kutuluka ndi njala, mutu uli m'mwamba, ndikudziona kuti m'nyumba imeneyo wolimba mtima ndatsala ndekha.