Bashiru ndi Kontena Yochita Thukuta

Bashiru ndi mwamuna wa mdzukulu wanga Elena, ndipo wofuna kumunena ayambe wadzera pakhomo panga. Ndalemba izi chifukwa pano pa Itepela anthu sachedwa kuiwala. Lero aliyense akuti ankadziwa kale kuti munthuyu ali ndi mutu, chonsecho ndi omwewo ankamuseka.

Anabadwira kunyanja ya Amaramba. Sukulu analekera kalasi yachiwiri, ndipo ntchito yake kuyambira ali wamng'ono inali kuyanika matemba pathandala n'kukagulitsa ku Mandimba panjinga. Kumsika kumeneko ndi kumene anakumana ndi Elena. Iye Msilamu, ife Akhristu. Tinakokanakokana miyezi itatu, kenako tinatopa, ukwati n'kuchitika. Kwathu kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi, choncho Bashiru anafika ndi njinga yake, mkeka wopemphererapo ndi chikwanje.

Khasu linamukana. Mizere yake inkakhota ngati njira ya munthu wochokera ku mowa, mpaka amuna anzake anamutcha Msodzi wa Pamtunda. Ine ndinkamuseka ndithu, paja mwamuna wa mdzukulu ndi mwamuna wako wa nthabwala.

"Amuna anga, mzere uwu ukupita ku Cuamba kapena ku Lichinga?"

"Ukulondola inu, anganga," ankayankha choncho, ponditchula m'chiyao chakwawo.

Koma kuseka kwa ine n'kwina, kwa anthu akunja n'kwina. Chaka chachitatu Bashiru anauza Elena kuti akalephera kupeza chochita chomuyenera, mvula ikamayamba abwerera kunyanja, aziti akabwera kamodzi pamwezi. Elena anali ndi mwana kumsana. Maukwati a kamodzi pamwezi ine ndawaona mathero ake.

Nthawi imeneyo n'kuti patatha chaka bungwe lathu la alimi litalandira kontena. Inabwera pagalimoto lalikulu kuchokera ku Cuamba kuti tizisungamo mbewu yodzabzala: mtedza, soya, nyemba. Kiyi anasunga bambo Jossias, mtsogoleri wa bungwe, munthu wodziwa kulemba bwino. Iwo anaganiza monga tonse tinaganizira, kuti chitsulo ndi chitsulo, khoswe saboola, mvula silowa. Anasanja matumba pansi, kuwakanikiza kukhoma mpaka kudenga, n'kutseka. Titatsekula mu Okutobala, fungo linatibweza pakhomo. Mtedza wonse chuku, soya atagwirana ngati dongo. Ena anati denga likudontha, anamata phula. Ena anayamba kutchulana maina a ufiti.

Chaka chotsatira, mu Juni, anthu akukonzekera kubwereza zomwezo, Bashiru analowa m'kontenamo m'mamawa atanyamula thumba lathu la nyemba. Anagwira denga, dzanja linatuluka lonyowa. Kunja kunali kopanda ndi kamtambo komwe.

"Bambo Jossias, ichi sichikudontha ayi. Chikuchita thukuta."

"Chitsulo thukuta? Chikulima kodi?" anafunsa bambo Jossias. Amuna onse anafa nacho chiseko.

"Masana chimapsa, mbewu imatulutsa chinyezi. Kukazizira chinyezicho chimasanduka mame padenga, n'kugweranso pamatumba. Matemba ukawaunjika pansi n'kuwavindikira amatero kumene. Ndipatseni kiyi chaka chino chokha."

Anamupatsa, osati pomukhulupirira, koma poti palibe ankafuna kudzanenedwa mbewu ikaolanso.

Bashiru anadula nsungwi kumtsinje n'kumanga mathandala mbali zonse ziwiri, atatu atatu kukwera m'mwamba, ngati oyanikira nsomba. Pakati anasiya kanjira. Thandala lililonse linatalikira khoma mpata wolowa mkono, ndipo lapansi linakhala pa njerwa. Pamwamba pa kontena anaika denga la udzu kuti dzuwa lisamaotche chitsulo. Mbewu za pang'onopang'ono, za m'mabotolo ndi m'zikho, zinasowa pokhala, ndiye bungwe linakapempha makabati awiri akale kusitolo ina yomwe inatsekedwa ku Mandimba. Sanakwane. Tsiku lina Bashiru anafika pakhomo panga, anagwada.

"Anganga, ndabwera kudzafunsira kabati yanu."

Kabati imeneyo anandigulira malemu amuna anga akugwira ntchito ku njanji. Ya mlombwa, zitseko ziwiri, yomwe ana anga ankamenyedwa akangoitsamira. Ndinamupatsa, poti wopempha anali wakwathu.

Patatha masiku awiri Shakila, mkazi wa bambo Jossias, anabwera akuthamanga.

"Agogo, kaoneni zimene wachita msodzi wanu uja!"

Ndinapeza kabati yanga ili chiimire m'kontena, zitseko atazula, thabwa lakumbuyo atachotsa, ikuoneka mbali iyi ndi iyo ngati nyumba yopsa. Makabati a ku Mandimba chimodzimodzi. Anthu anali atadzaza pakhomo kudikira kuti ndilalate. Kunena zoona, ndinakwiya. Koma wakwathu sindimudzudzulira pagulu.

"Mukuyang'ana chiyani? Kabati ndi yanga, mkamwini ndi wanga. Wathyola ya yani pano?"

Titafika kunyumba ndi pamene ndinamufunsa bwinobwino, mawu ena sindingalembe. Iye anamvetsera mutu uli pansi, kenako anati, "Anganga, kabati yotseka m'kati mwa kontena yotseka ndi manda awiri. Mphepo iyenera kudutsa. Zitseko sindinataye, ndapangira mashelefu a pamwamba. Misomali yake ndasunga m'chitini."

Bambo Jossias anaitanitsa msonkhano. Anati munthu wophwasula makabati abwinobwino sangasunge chuma cha mudzi, komanso wosadziwa kuwerenga adzasokoneza matumba a eni ake. Bashiru sanatsutse. Anangotsekula kontena. Pathumba lililonse anali atamangapo kansanza ka chitenje cha mayi wa pakhomo lomwe thumbalo linachokera. Shakila yemweyo ndiye anayamba kuloza.

"Ilo langa, la maluwa ofiira! Ilo la mayi Lúcia!"

"Mwaona, bambo," anatero Bashiru, "amayi awerenga kale."

Amayi anaseka, bambo Jossias sanaseke. Anagamula kuti kiyi ikhale ndi Bashiru mpaka Okutobala. Mbewu ikapezeka yoola, abweze kiyiyo pamaso pa anthu onse. Bashiru anauza Elena kuti zikatero, tsiku lomwelo amanga katundu panjinga.

Miyezi inayi imeneyo munthu uja sanajombe. Akatha pemphero la m'mawa ankapita kukapukuta denga ndi chiguduli chomangirira kunsungwi. Dzuwa likakwera ankatsekula zitseko zonse ziwiri, n'kukhala pakhomo kuingitsa nkhuku ndi mbuzi. Lachisanu lililonse asanapite kumzikiti ankatembenuza matumba, apansi kukweza, apamwamba kutsitsa. Odutsa ankamufunsa ngati nsomba zauma. Iye ankati, "Zatsala pang'ono."

Okutobala atafika kunabwera mlangizi wa zaulimi, uja timati tekiniko. Anatapa mtedza m'matumba osiyanasiyana, njere makumi awiri, n'kuzikulunga m'chiguduli chonyowa. Anachita chimodzimodzi ndi soya ndi nyemba, nati tidikire sabata. Sabata imeneyo Elena sankadya bwino. Ndinaona Bashiru akupopa matayala a njinga, ndinakabisa pampu m'nkhokwe.

Tsiku lofunyulula, bambo Jossias anati awerenga okha. Anagwada, magalasi pamphuno, kusuntha njere ndi kamtengo. Mtedza unamera khumi ndi zisanu ndi zitatu. Nyemba zonse. Soya anatsalira, khumi ndi zisanu, koma tekiniko anati soya ndi wovuta kale, ameneyo ngwobzala ndithu.

Bashiru anatulutsa kiyi m'thumba n'kupereka ndi manja awiri, poti Okutobala anali atakwana. Bambo Jossias anaiyang'ana kiyiyo, koma sanailandire.

"Ndiyika kuti ine? Matumba a buluku langa ngobooka. Khalani nayo, bambo Bashiru." Aka kanali koyamba kumutchula dzina lake lenileni. Atatembenuka anawonjeza chapansipansi, "Kunyumba kuli kabati ya apongozi anga. Mukaione ngati ingalowe."

"Ya amayi anga?" anakuwa Shakila. "Muyambe mwandizula ine zitseko!"

Mvula inagwa, tinabzala, ndipo njinga ija sinapite kunyanja. Mizere ya Bashiru ikukhotabe mpaka lero, koma a bungwe amamulimira tsiku limodzi pamwezi, ndipo a bungwe la ku Etatara anamutumizira uthenga kuti akawamangire mathandala m'kontena yawo. Kabati yanga ikadali momwemo, mbewu za maungu ndi mawere zili m'zikho pamashelefu ake.

Dzulo anabwera kudzafunsa za pampu yake.

"Anganga, chaka chatha tsopano. Simunaione?"

"Mukufuna kupita kuti, amuna anga?"

"Ku Etatara kokha. Ndibwera madzulo."

Ndinatuma Elena kuti akaitenge m'nkhokwe.