Anandidula pa Chithunzi cha Kwaya

Ndikukumbukira chaka chomwe amayi anadwala ku Chipata, komwe ankagwira ntchito ya m'nyumba. Ndinali sitandade 5, ndikukhala ndi azakhali kwa Mlonyeni. Mwendo wanga wamanzere ndi wopuwala chibadwire, ndiye ndinkayendera ndodo yomwe amayi anaikulunga mphira kunsi kuti isamaterereke.

Matenda atakula, amayi anatumiza mawu akuti andijambule, aone mmene ndakulira. Foni yojambula m'mudzimo inali ndi a Fulatira okha, otsogolera kwaya ya ana. Iwo anati chithunzi cha kwaya cha Lamulungu chikwanira, achitumiza pa watsapu kwa abwana a amayi.

Lamulungulo ndinadzola mafuta mpaka nkhope kunyezimira, n'kudzipanikiza kutsogolo, pakati penipeni.

“Iwe Tadala, tasunthira kumapeto,” anatero a Fulatira. Ndinasuntha. Mwana sabweza mawu a akulu.

Madzulo ndinatsimphina ulendo wa kwawo kukaona chithunzicho. Anzanga onse analipo, mano mbee! Ine ayi. Pakona pankangooneka nsonga ya ndodo.

“Nanga ine?”

“Ndadulako pang'ono kuti chikongole. Chapitanso pa gulu la mpingo, anthu angamati tikupemphetsa ndi olumala.”

Abale inu, ndinagwada pansi, ine amene kugwada ndi nkhondo. “Chonde, ndijambuleni ndekha, amayi andione.” Anati batire latha, ndibwere mawa. Mawa lakelo anakwera lole ya fodya kupita ku okushoni. Ndinkafika pakhonde pawo m'mawa uliwonse nditavala diresi lomwe lija, n'kubwerako maso atatupa.

Kenaka amayi anaimba pa kafoni ka mabatani ka azakhali, mawu akutuluka movutikira. “Ndaiona ndodo yako, mwanangu. Mphira ija yatha, uwauze azakhali ako akuikire ina.” Za nkhope yanga sanafunse. Ankadziwa. Anamwalira tisanamalize kukumba mtedza.

Lero ndikudziwa kuti a Fulatira sankadana nane. Ankangoona kuti chithunzi chokongola ndi chopanda ine, ndipo oona choncho akadali mbwee, aliyense ndi foni m'manja. N'chifukwa chake wojambula akanena kuti ndisunthire kumapeto, ndimazika ndodo pomwe ndaimapo, anene zamwano anene. Ndinasunthapo kamodzi, ndipo amayi anga anapita atangoona mphira.